Msewu Umene Amuna Anga Anaukhotetsa

1

Kwathu ku Thyolo alipo amayi achikulire amene akandiona ndikubwera amapatukira m'munda wa tiyi ngati aiwalamo khasu. Amati ndine Lestina uja anapasula mabanja awiri ndi pakamwa pake. Pakamwa ndili napo, zimenezo sindikana, amayi anga ankati ndinayamba kuyankha akuluakulu mano asanamere. Koma anthu amenewa amangonena kumapeto kwa nkhani, ndiye ndati ndiyambire poyambira penipeni kuti inu owerenga muweruze nokha.

Amuna anga anali a Amosi Malizani. Anaphunzira ku mishoni, kenako analembedwa ntchito yokoka tcheni kwa azungu oyeza malo ku Limbe, nthawi imene tauni ija inali ikungophuka pambali pa njanji. Anzawo ankangokoka tcheni n'kumadikira belu, koma iwo ankayang'anitsitsa zimene azungu ankalemba. Patapita zaka anayamba kujambula mapu okha, ndipo ankatha kulangiza bwana kuti msika ukhale apa, zimbudzi zipite kumunsi kwa chitsime, ngalande idzere uku kuti madzi a mvula asalowe m'nyumba za anthu. Mbiri yawo itafika ku esiteti ya tiyi imene ine ndinabadwira, anawaitana, ndipo kumeneko ndi kumene anandiona ine ndikuthyola tiyi, dengu lili kumsana.

Anandikwatira ndipo anamanga nyumba pamudzi pa amayi anga monga mwa mwambo wathu. Ndinkawanyadira kwambiri. Mkazi aliyense pamalaini a antchito anali ndi mwamuna wonunkha thukuta, ine wanga ankanunkha inki, pensulo ili kukhutu ngakhale pakudya.

Chinthu chimodzi chokha chinkasowa m'nyumba mwathu: mwana. Zaka zinkapita, mimba osaoneka. Ndinamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse, koma ayi ndithu. Pamwamba pa izo ndinatuluka chilonda pamwendo chimene chinakana kupola, mpaka anandinyamula pamachira kupita ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Kumeneko ndinakhalako pafupifupi chaka. Mng'ono wanga Teleza, amene anali asanakwatiwe, ndiye ankaphikira alamu akewo ndi kuwachapira, ndipo nditabwerera ndinamugulira mpango pomuthokoza.

2

Mu 1929 mwini esiteti anaganiza zomanga katauni pafupi ndi fakitale yatsopano. Ife tinkamutcha Bwana Chipewa chifukwa palibe anaonapo pamutu pake. Ankafuna malaini atsopano a antchito, msika, malo a masitolo a amalonda achisilamu amene ankabwera ndi nsalu ndi mchere, komanso msewu waukulu woti malole azidutsa kuchokera ku fakitale kupita ku siteshoni ya sitima. Ntchito yonse yolangiza ndi kuyeza anaipereka m'manja mwa a Malizani.

Anthu inu, amuna anga pa chingwe analibe chibale. Akakhoma chikhomo apa, china uko, n'kukoka chingwe, chilichonse chopezeka pakati chinali chakugwa. Anagwetsa khola la mbuzi la mphunzitsi. Anadula pakati munda wa nandolo wa kapitawo wamkulu. Ngakhale nthochi za amayi anga, apongozi awo enieni, anazizulitsa amayiwo akulira.

“Amayi, tauni siyenda mokhotakhota ngati njira ya kuchitsime,” anatero akupukuta magalasi awo. “Mukakhotetsera munthu mmodzi, mawa onse abwera kudzapempha.”

Ine ndinkaseka n'kumauza anzanga kuti tsiku lina adzandidula mwendo ukadzapezeka pa chingwe.

Ndiye taganizani mmene ndinadabwira m'mawa wina wa chiperoni, ndikupita kukawapatsa chinangwa chophika kuntchito. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse, mvula yowaza ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinkatsata zikhomo za msewu waukulu zimene zinali zitandandalika bwinobwino kuchokera ku fakitale. Nditafika kumunsi kwa mudzi wathu, pafupi ndi kamtsinje, zikhomozo zinapatuka. Zinazungulira kamalo kena ngati munthu wolambalala njoka, kenako n'kubwereranso pamzere.

Ndinaima pakamalopo n'kuyang'anayang'ana. Panalibe mtengo waukulu, panalibe mwala, ngakhale chulu. Panali udzu wonyowa basi, ndi chitsa cha muwale chowola.

3

“Bambo, msewu wanu wadwala chiyani kumtsinje kuja?” ndinawafunsa madzulo ake tikudya, dzuwa lisanalowe.

Dzanja lawo linaima m'mbale. “Pali lowe pamenepo. Lole ikhoza kutitimira.”

“Lowe? Pamene paja ndinkasewera ndili mwana. M'pouma ngati pabwalo.”

“Lestina, za mapu uzisiyire ine. Kodi ndinayamba ndakuphunzitsapo kuphika kalongonda?”

Anasamba m'manja chakudya chisanathe n'kutuluka. Pa ukwati wathu wonse anali asanandiyankhepo choncho.

M'mawa mwake ndinakauza amayi ngati nkhani yoseketsa. Ndinawapeza akusenda chinangwa, Teleza atakhala pamphasa pambali pawo. Pa nthawiyi Teleza anali atakwatiwa ndi Fabiano, mnyamata wofatsa wogwira ntchito yosonkha moto ku fakitale, ndipo anali ndi pakati poonekera kale.

“Amayi, mkamwini wanu anakuzulirani nthochi, koma chitsa cha muwale wachichitira ulemu. Msewu wonse wachigwadira.”

Palibe anaseka. Mpeni wa amayi unaterereka n'kuwacheka chala, koma sanachiyang'ane n'komwe. Anandiyankha m'Chilomwe, chimene ankayankhula akakwiya kapena akachita mantha.

“Zosakukhudza uzizisiya. Mwamuna wako akudziwa ntchito yake.”

Teleza anadzuka movutikira, dzanja lili m'chiuno, n'kulowa m'nyumba. Ndinamumva akusanza kuseri. Ine ndinangoti ndi za mimba.

Masiku otsatira zinthu zinanka ziipiraipira. A Malizani anayamba kuonda, kolala ya malaya n'kumawakhwepa. Amayi awiri achikulire, azamba a pamudzi pathu, ndinawapeza kangapo ataima ndi amayi anga kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndikayandikira nkhani inkasanduka ya mvula. Teleza anasiya kutunga madzi kumtsinje kuja, ankapita kuchitsime chakutali ndi mimba yakeyo. Ndinayamba kuchita mantha osadziwa chimene ndikuopa. Ndinkangoona kuti pamudzi pathu aliyense akusenza kanthu kolemera, ine ndekha ndikuyenda chimanjamanja.

4

Bwana Chipewa sanali munthu wopusitsika. Atauzidwa za lowe anatuma anthu kukumba dzenje pambali pa malowo, ndipo anapeza dothi lofiira lolimba. Fabiano ndi amene anandinong'oneza zimene zinanenedwa ku ofesi.

“Alamu, zinthu sizili bwino. Bwana wati msewu ukapanda kuwongoka, a Malizani ntchito yatha, ndipo mudzi wonse wa amayi usamuke pa esiteti.”

Makolo athu anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo malo amene tinkakhalawo anali a mzungu. Tinkalipira ndi thangata, kumugwirira ntchito kuti atilole kukhalapo. Akatithamangitsa tikanalowera kuti, ndi amayi okalamba komanso Teleza wodwala pakati? Zonsezi chifukwa cha chitsa chowola!

Tsiku lotsatira ndinapitanso ndi chakudya. Ndinapeza bwanayo ali pahatchi yake pamalo pomwe paja, antchito atazungulira, amuna anga ataima chipewa chili m'manja. Sindinamve zimene ankakambirana ndisanafike. Bwanayo atandiona anandikodola ndi chikwapu.

“Iwe mkazi ya Amosi? Wabadwa pano?”

“Inde bwana, pompano.”

“Pano,” analoza pansi, “manda alipo?”

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Manda a mudzi wathu anali kunkhalango yakumtunda, aliyense ankadziwa. Ndiye panali malo ena amene amuna sankawadziwa. Kwathu mwana akabadwa wakufa timati nthayo. Samulira, samuika kumanda. Amayi achikulire okha amakamuika mwakachetechete pamalo onyowa, m'kadzenje kosaya, osaunjika dothi pamwamba, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale bambo wa mwanayo, sauzidwa pamene wagona. Amati malowo akasokonezedwa, mimba ya mayi wake imatsekeka kapena kumutengera kumanda. Malo athu a nthayo ndinkawadziwa, anali kudambo la tsidya lina, kutali ndi msewu.

Choncho ndinayankha mokweza, monyada, ndikuganiza kuti ndikupulumutsa mudzi wathu ku liuma la amuna anga.

“Palibe, bwana. Manda a amuna ndi a akazi omwe ndimawadziwa onse. Pano sipanagonepo munthu.”

Bwanayo anatembenukira kwa a Malizani. “Wamva? Iwe wanena manda. Mkazi yako wanena palibe. Mawa makasu pano.”

Apo m'pamene ndinadziwa kuti amuna anga anali atangonena kumene kuti pali manda. Anandiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Munalibe mkwiyo. Anali ngati munthu amene wamva mtengo ukuthyoka pamwamba pake ndipo alibe kothawira.

5

Kunacha ndi chiperoni chomwe chija. Gulu la amuna a thangata linatsika ndi makasu ndi mapiki, kapitawo akuimbitsa nyimbo. A Malizani anakhoma zikhomo zatsopano okha, ndipo chingwe chinadutsa pamwamba penipeni pa chitsa cha muwale. Ine ndinaima chapatali ndi amayi ena, mpango nditafunda kumutu.

Makasu anali atayandikira chitsacho pamene tinamva kukuwa. Teleza ankatsetsereka kuchokera kumudzi, akuthamanga ndi mimba yake, amayi akumutsatira pambuyo. Anadutsa pakati pa amunawo n'kudzigwetsa pansi pambali pa chitsa, manja atatambasula paudzu.

“Musakumbe! Ndipheni ine kaye, musakumbe pano!”

Nyimbo inaduka. Amayi anafika akupuma wefuwefu n'kuima patsogolo pa makasu.

“Amuna nonse bwererani m'mbuyo,” anatero. “Pano m'pa akazi.”

Amunawo anamva tanthauzo lake. Anaponya makasu pansi n'kufutuka ngati aona moto. Ndinaona Fabiano pakati pa anthu amene anathamanga kuchokera ku fakitale, nkhope yake yakuda ndi mwaye.

Ndinapita kukagwada pafupi ndi mng'ono wanga. “Teleza, ukutani? Pali chiyani pano?”

“Mwana, achemwali.”

“Mwana wa yani?”

“Wanga.”

“Iwe mimba yako yoyamba ndi iyi.”

Anapukusa mutu, nkhope ili m'matope. “Inu muli ku Makwasa. Amayi anandibisa m'nyumba miyezi yonse. Anabadwa osalira. Sitikanamuika kudambo, akazi onse akanadziwa.”

Ndinamumvera chisoni, ndikunena zoona. Ndinayamba kumusisita kumsana n'kumaganiza kuti ndi mnyamata uti wa pamalaini anamuchita zimenezi. Kenako maso anga anagwera pa zikhomo zakale zija, zimene zinali zikadali m'malo mwake, zikuzungulira bwinobwino kamalo kamene kanalibe chizindikiro chilichonse.

Ndinaimirira n'kuyenda kupita pamene panaima amuna anga. Anthu anandipatukira.

“A Malizani,” ndinatero, ndipo mawu anga anamveka mpaka kutsidya, “mwamuna sauzidwa pamene pagona nthayo. Inu munadziwa bwanji pokhotetsa msewu?”

Anayankha ndi Teleza, ali chigonere pansi.

“Ndinawaonetsa ndine, achemwali. Anandikakamiza, ankalira. Anati akufuna adziwe pamene pagona mwana wawo.”

6

Zimene zinachitika pambuyo pake ndimazikumbukira ngati zinachitikira munthu wina. Fabiano anatembenuka n'kumapita, ndipo sanafike n'kunyumba komwe kukatenga bulangete lake. Tinadzamva kuti analowera ku migodi ya ku Salisbury. Bwana Chipewa atafotokozeredwa anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti akazi achotse chimene chilipo belu la masana lisanalire, msewu udutsa basi.

Amuna onse anakwera kumtunda n'kutifulatira. Tinatsala akazi okhaokha, ndipo palibe ankafuna kugwira dothi limenelo. Azamba aja anakana, anati kuika anaika, koma kufukula sanaonepo chibadwire. Teleza sakanatha ndi mimba. Amayi ena onse anali ndi ana kumsana kapena ankayembekezera kubereka ena. Amayi anga anayesa kugwada koma analephera. Kenako anandiyang'ana.

“Lestina, mwana wanga, kumba ndiwe. Iwe ulibe mimba yoti ingatsekeke.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa zonse zimene ndinamva m'mawa umenewo. Amayi ondibereka, amene anandibisira chinthu chotere n'kumadya nane mbale imodzi, lero akundiuza kuti kusabereka kwanga kwapeza ntchito.

Ndinagwada. Sindinafune khasu, ndinakumba ndi manja. Sipanali pakuya. Ndinapeza phale lovundikira, ndipo pansi pake panali kansalu kofumbwa. Maluwa ake ankaonekabe pang'ono, ndipo ndinaizindikira: inali nsalu yanga, imene ndinaisiya pamsomali popita ku chipatala. M'katimo munali timafupa topepuka ngati ta nkhunda.

Zaka zonse zija ndinkapempha Mulungu kuti ndidzanyamule mwana wa a Malizani m'manja mwanga. Tsiku limenelo ndinamunyamula. Ndinawoloka naye kamtsinje, amayi achikulire akunditsatira, n'kukamuika kudambo pamene panagona anzake. Mwambo umati nthayo samulira, koma ine ndinalira, ndipo palibe anayerekeza kundiletsa.

Nditabwerera kunyumba ndinatulutsa katundu wa amuna anga n'kumuika pakhonde: mapu awo, tcheni, jekete ndi mphasa. Kwathu mwamuna ndi mlendo pamudzi pa mkazi wake, akaona katundu panja safunsa. Anafika dzuwa likupendeka n'kuima pabwalo.

“Lestina, ndinali ndekha nthawi ija, ndipo mtima unkafuna mwana. Ndinalakwa.”

“Munazula nthochi za amayi osaphethira,” ndinawayankha. “Ine munandiyang'ana m'maso zaka ziwiri osaphethira. Nyamulani, njira mukuidziwa, munayeza nokha.”

7

Teleza sindinamuyankhulenso. Tinkakhala bwalo limodzi, koma akatulukira uku ine ndinkalowera uko. Kangapo konse anabwera pakhomo panga n'kugwada, “Achemwali, ndimvereni,” ine n'kutseka chitseko. Ndinkati ndidzamumvera mtima wanga ukadzaphwa, nthawi ilipo.

Matenda ake a kubereka anayamba mwezi usanakwane. Anavutika kuyambira m'mawa mpaka tsiku linalo, azamba atasowa chochita. Pamene amuna ankamanga machira kuti athamangire naye ku Makwasa, mwana anabadwa, wamkazi, wolira mwamphamvu. Koma magazi sanaleke. Amayi anabwera kudzandikoka pa dzanja, ndipo ndinalowa m'nyumbamo nkhope nditaumitsa.

Teleza anali atayera milomo. Anandiyang'ana n'kukankhira kamwanako kwa ine ndi chigongono.

“Achemwali, uyu yekha musamubise.”

Ndinafuna kumuuza kuti zatha, ndamukhululukira. Mawuwo anali pakhosi, koma mkwiyo unali utakhala pamwamba pake. Ndinangolandira mwanayo n'kugwedeza mutu. Pamene ndinkati nditsegule pakamwa, amayi anali atayamba kale kulira.

Amayi achikulire a pamudzi anagamula msanga kuti Teleza anaphedwa ndi kufukulidwa kwa nthayo yake, ndipo amene anafukulitsa ndi Lestina ndi pakamwa pake. Anamwino a ku mishoni anati akazi ambiri amafa choncho ndi magazi. Ine sindidziwa. A Malizani anamaliza katauni kaja, bwana anawayamikira, ndipo lero ndikumva kuti ali ku Blantyre, akulangiza akuluakulu za misewu ndi misika ya m'tauni. Ana asukulu amawatchula ngati chitsanzo. Palibe amene amapatukira m'munda wa tiyi akawaona.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mumasunga zinsinsi za m'banja n'kumati mukuteteza munthu, ndimvereni. Amayi anga, azamba, mng'ono wanga ndi amuna anga onse ankadziwa chimene chinali pansi pa udzu uja. Mmodzi yekha akanandikokera kuseri n'kundiuza, ndikanakwiya, ndikanatukwana mudzi wonse, koma pamaso pa mzungu ndikanadziwa choyankha. Anandisiya ndiyende m'chimbulimbuli, ndipo nditaponda pamene sindinkadziwa anati wolakwa ndine. Mlandu umenewo ndimaukana mpaka lero.

Umene sindiukana ndi wa chitseko chija. Ngati muli ndi m'bale amene amagwada pakhomo panu, musamawerengere mawa.

Mwanayo ndinamutcha Rhoda. Tsopano akupita kusukulu, ndipo pakamwa watengera ine. Sindinamubise kwa wina aliyense. Alendo akandifunsa pamsika kuti kamtsikana kokongolaka n'ka yani, ndimawauza kuti ndi ka Teleza, mng'ono wanga, amene anamwalira akudikira mawu amodzi ochokera kwa ine.